Eastgate: Nyumba ya Machumuni 48 Osafuka Utsi

Pakati pa mzinda wa Harare, pomwe msewu wa Robert Mugabe umakumana ndi wa Sam Nujoma, uja akuluakulu amautchulabe kuti Second Street, pali chinyumba chomwe chili ndi machumuni 48 a njerwa, ondandalikana pamwamba pa denga la matailosi ofiira. Mlendo angayese ndi fakitale. Koma chimangidwireni, machumuniwa sanafukepo utsi. Chomwe chimatulukamo ndi mpweya wofunda wochokera m'maofesi, wotenthedwa ndi matupi a anthu, makompyuta ndi mababu.

Nyumbayi ndi Eastgate Centre, ndipo inatsegulidwa mu 1996. Pansi pali masitolo a malo okwana masikweya mita 5,600. Pamwamba pa masitolowo pali nsanjika 7 za maofesi, masikweya mita 26,000 onse pamodzi, ndipo palinso malo oimikapo galimoto 450. Amalawi oyenda pa basi za ku Joni kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, basi ikaima pa Roadport amakhala atatsala ndi mphindi zochepa zoyenda pansi kuti aifike.

Mbiri yake inafala dziko lonse chifukwa cha nkhani imodzi: akuti inamangidwa motengera chulu, n'chifukwa chake imazizira yokha popanda makina aja ambiri amangoti AC. Nkhani ya chuluyi ndi yokoma, ndipo tiifika. Koma yaphimba zinthu zina zofunika kuposa iyo, zomwe aliyense wofuna kumanga nyumba yosanja m'tawuni amakumana nazo: malo opanikizika, ndalama zoperewera, ndiponso anthu a zofuna zosiyana amene ayenera kukhala pansi pa denga limodzi osapondana.

Poyamba, msinkhu wake. Eastgate si nyumba yaitali kwambiri. Likulu la Reserve Bank of Zimbabwe, lomwe linamalizidwa patatha chaka Eastgate itatsegulidwa, lili ndi nsanjika 28. Eastgate ili m'gulu la nyumba zapakatikati, zoyambira nsanjika 4 kapena 5 n'kulekeza pa 10 kapena 12, ndipo akatswiri a mapulani a mizinda amazikonda pa zifukwa zomveka. Nyumba ikapitirira pamenepo, zikepe zimachuluka n'kuyamba kudya malo omwe akanabweretsa lendi. Madzi amafuna mapampu amphamvu kuti akwere. Mphepo imayamba kuikankha ngati khoma, ndiye zitsulo ndi simenti zimawonjezeka. Makwerero a galimoto zambiri zozimitsa moto nawonso amalekeza cha pa mamita 30. Pomwe nyumba ya nsanjika 8 kapena 9, magetsi akathima munthu wathanzi amakwera masitepe, n'kufika ali wefuwefu koma wafika.

Chachiwiri ndi malo. Kumanga kunja kwa tawuni, pomwe dzulo panali munda wa chimanga, kumaoneka kotchipa mpaka munthu atawerengera mtengo wa msewu, mapaipi a madzi, suweji ndi mapolo a magetsi. Puloti ya m'kati mwa mzinda, kaya yopanda kanthu, kaya yomwe panali kanyumba kakale kapena malo oimikapo galimoto, imapeza zonsezo zilipo kale. Imapezanso chinthu chomwe ndalama sizigula msanga: anthu odutsa pakhomo tsiku lonse. Wokhala ku Lilongwe, mzinda womwe unayalidwa motayana n'kukhala likulu mu 1975, amadziwa mtengo wa kutayanako, chifukwa amaulipira m'minibasi m'mawa ndi madzulo aliwonse kuchokera ku Area 25 kapena Area 49.

Kuphatikiza malonda ndi ntchito zina m'nyumba imodzi si zachilendo kwathu kuno. Ku Limbe ndi ku Old Town ku Lilongwe, amalonda achimwenye anamanga kalekale nyumba za sitolo pansi, banja pamwamba. Kusiyana kwake n'kwakuti nyumba ikakula kufika pa msinkhu wa Eastgate, zomwe banja limodzi linkathetsa ndi kiyi mmodzi zimasanduka mutu waukulu wa amisiri.

Kampani ya inshuwalansi ya Old Mutual ndiyo inalamula ntchitoyi mu 1991, ndipo inapatsa mapulani Mick Pearce, katswiri wojambula nyumba wobadwira ku Harare komweko mu 1938, yemwe anaphunzira ku Architectural Association ku London n'kugwirako ntchito ku Zambia. Nthawi imeneyo fashoni ya maofesi inali bokosi la galasi lokhalokha, monga za ku New York kapena Johannesburg. Bokosi lotere limalowetsa dzuwa lonse, kenaka n'kufuna makina akuluakulu oti achotse kutenthako. Makinawo Zimbabwe sinkapanga. Ankafuna ndalama zakunja pogula, ndalama zakunja pa zipangizo zosinthira, ndi magetsi ochuluka tsiku lililonse. Chilala cha 1992 chitatsitsa madzi m'damu la Kariba, zinaonekeratu kuti ngakhale magetsiwo si odalirika. Funso linali la m'thumba: kodi maofesi apamwamba, oti mabanki ndi maloya n'kuchitamo lendi, angatheke popanda makinawo?

Pearce anagwira ntchitoyi ndi mainjiniya a kampani ya Ove Arup, ndipo yankho lawo linayambira pa nyengo ya Harare. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere. Masana mu Okutobala kumatentha kufika madigiri 29 kapena kuposerapo, koma usiku kumatsika ndi madigiri 10 mpaka 14. Kuzizira kwa usikuko n'kwaulere. Vuto ndi losunga mpaka masana.

Chosungira chake ndi kulemera. Thanthwe loyanikapo ufa limakhala lofunda dzuwa litalowa kale, ndipo m'mawa limakhala lozizira mpaka dzuwa litakwera ndithu. Mwala umachedwa kutentha, umachedwanso kuzizira. Konkire ndi njerwa zimachita chimodzimodzi. Ndiye mmalo momanga nyumba yopepuka n'kuiziziritsa ndi makina, iwo anamanga nyumba yolemera dala, n'kukonza njira yoti mpweya wa usiku uzidutsa m'kati mwa konkireyo.

Asanafike pa mpweya, anayenera kuyala nyumbayo papuloti. Eastgate kwenikweni ndi nyumba ziwiri zazitali, zowonda, zoyang'anizana, ndipo pakati pake pali mpata waukulu wofoleredwa ndi denga la galasi. Kuwondako n'kwadala. Ofesi ikakhala yotakata kwambiri, apakati amakhala mumdima wofuna mababu tsiku lonse, ndipo babu lililonse ndi kambaula kakang'ono. Nyumba ziwirizi zinagona kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, kotero makoma ake aatali amayang'ana kumpoto ndi kummwera. Dzuwa likaswa mtengo limakhala pamwamba, ndipo kakhonde kakang'ono pamwamba pa zenera kamalitchinga. Lovuta ndi dzuwa la m'mawa ndi la madzulo, lomwe limabwera chopendekeka n'kulowa pansi pa khonde lililonse. Limeneli analipatsa makoma aafupi a kumapeto.

Mpata wapakatiwo ndiwo mtima wa malonda. Ndi msewu wa anthu oyenda pansi, wotseguka kumapeto kuti mphepo izidutsa, masitolo uku ndi uku. Munthu angalowe mbali ina n'kutulukira ina osagula kanthu, ndipo eni masitolo amafuna zimenezo, poti wodutsa lero ndiye wogula wa mawa.

Apa ndi pomwe kusakaniza masitolo ndi maofesi kumaonetsa mano ake. Wa sitolo amafuna chipiringu, nyimbo, zitseko zotseguka. Wa ofesi amafuna bata, chitetezo, ndi khomo lomwe kasitomala wake angalowe osapanikizana ndi onyamula majumbo. Pearce anawalekanitsa m'mwamba ndi pansi. Pamwamba pa masitolo anapachika kanjira kazitsulo ndi galasi kotsata utali wonse wa mpatawo, ndipo zikepe ndi timilatho tolumikiza nyumba ziwirizo zimalendewera pa zingwe zachitsulo kuchokera ku mitanda ya kudenga. Wopita ku ofesi amakwera n'kuyenda pamwamba pa mitu ya ogula, akuwaona koma osakhudzana nawo. Poti zikepezo zili mumpata osati m'kati mwa nyumba, malo omwe zikanadya anasanduka maofesi a lendi.

Pali mikangano ina yomwe mlendo saiona, koma imasowetsa tulo aliyense wojambula nyumba yotere kulikonse. Nsanamira ndi umodzi mwa iyo. Malo oimikapo galimoto amafuna nsanamira zotalikirana mogwirizana ndi m'lifupi mwa galimoto ziwiri kapena zitatu. Sitolo imafuna bwalo lopanda nsanamira pakati. Maofesi, makamaka zipinda zogona ngati zilipo, amafuna muyeso wina. Nsanamira ya pamwamba ikapanda kugwa ndendende pa inzake ya pansi, pamafunika mtanda wokhuthala wa konkire woti usenze katunduyo n'kumusamutsira pambali, ndipo mitanda yotere imaboola m'thumba. Wojambula wanzeru amayamba ndi kupeza muyeso umodzi womwe onse atatu angapirire. Kenaka pamabwera za katundu wa masitolo, yemwe ayenera kulowera kumbuyo osatseka msewu, zinyalala, fungo la malo odyera, lomwe liyenera kukwera ndi paipi yakeyake mpaka kudenga lisanalowe m'mawindo a maofesi, ndi moto. Moto umayamba kawirikawiri m'khitchini kapena mosungira katundu, kutanthauza pansi, pomwe anthu ambiri ali pamwamba. N'chifukwa chake malamulo amafuna silabu yosagwira moto msanga pakati pa magawo awiriwa, ndi masitepe othawirapo osachepera awiri omwe utsi sungalowemo.

Tsopano ulendo wa mpweya. Pakati pa masitolo ndi nsanjika yoyamba ya maofesi pali chipinda chobisika, chachifupi, momwe muli magulu 32 a mafani, ena aakulu ena aang'ono. Mafaniwa amakoka mpweya mumpata wapakati uja, pamwamba pa fumbi ndi utsi wa galimoto za mumsewu, n'kuusefa. Kuchoka apo umakwera m'mipita yoima chilili yomwe ili pamsana pa nyumba iliyonse mwa ziwirizo, n'kupatukira mu nsanjika iliyonse.

Pansi pa ofesi iliyonse ndi pamphako. Pakati pa silabu ndi pomwe anthu amaponda pali mpata, ndipo mumpatamo muli timano ta konkire totuluka, tomwe mpweya umazungulira podutsa. Ntchito ya timanoto ndi kuchulukitsa malo omwe mpweya umakhudzana ndi konkire. Usiku, maofesi ali zii, mafani aakulu amalizidwa n'kusintha mpweya wa m'nyumba yonse ka 10 pa ola. Mpweya wozizira umakokolola kutentha konse komwe konkire inamwa masana. Kukacha, mafani aakulu amazima, aang'ono n'kuyamba, ndipo amasintha mpweya kawiri kokha pa ola, pang'onopang'ono, kuti upeze nthawi yosiya kutentha kwake m'konkire yozizira ija. Umatulukira m'timabowo ta m'munsi mwa mawindo, chakumapazi. Ukafunda umakwera wokha, monga mpweya wofunda umachitira, n'kutsata siling'i yokhota ngati uta mpaka pa bowo lotulukira, n'kulowa mumpita wina wopita ku machumuni aja. Miyezi ya Juni ndi Julayi, pomwe m'mawa ku Harare kumazizira kufika madigiri 7, timahita tating'ono timathandizira.

Siling'iyo ndi konkire yosakutidwa ndi kanthu, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zinthu zomwe wochita lendi ayenera kuvomera. Atati aikemo siling'i ya mabolodi kuti iwoneke ngati ya ku banki ina, ndiye kuti waveka konkire bulangete, ndipo ntchito yake yatha.

Kunja kwa nyumbayi sikusalala ngakhale pang'ono. Makoma ake ndi a makonde, nthiti ndi mano a konkire otuluka kunja, ndipo m'malo ena muli zomera zoyanga. Ena amaiona ngati yokongola, ena ngati chilombo cha minga. Onse awiri ali ndi mfundo. Koma manowo sanaikidwe kuti asangalatse maso. Masana amachititsa mthunzi pa makoma ndi pa mawindo, ndipo usiku, poti khoma la mano lili ndi malo ambiri okhudzana ndi mphepo kuposa losalala, limataya kutentha msanga. Mawindo ndi aang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo 4 a khoma. Konkire yake anaikwecha kuti miyala ya granite ya m'kati ionekere, mtundu wa matanthwe omwe ali ponseponse m'Zimbabwe, ndipo mizere yokhotakhota ya pamwamba pa masitolo inatengedwa ku makoma amiyala a Great Zimbabwe, kufupi ndi Masvingo.

Zidutswa zambiri za konkirezi sizinathiridwe pamalopo. Zinaumbidwiratu m'zikombole, n'kudzakwezedwa n'kulumikizidwa. Njira imeneyi imathandiza kawiri. Chikombole chimodzi chimatulutsa zidutswa mazanamazana zofanana, zosalala bwino, pogwiritsa ntchito simenti, mchenga, miyala ndi manja a anthu a m'dziko momwemo. Komanso imachepetsa vuto lalikulu la kumanga pakati pa mzinda, lomwe ndi kusowa poika zinthu.

Womanga kumudzi kapena ku puloti ya kunja amatsitsa mchenga apa, kwale apo, njerwa uko, n'kutsala ndi malo ophikira nsima ya amisiri. Wa m'tawuni alibe mwayi umenewo. Mpanda wamalata umathera pomwe anthu amayenda, ndipo khonsolo salola milu ya mchenga mumsewu. Lole iliyonse imafika pa ola lake, kawirikawiri m'bandakucha kapena usiku, n'kutsitsa katundu yemwe agwiritsidwe ntchito tsiku lomwelo. Kireni imaima m'kati mwa nyumba yomwe ikumangidwayo, ndipo mkono wake suyenera kuzungulitsa katundu pamwamba pa anthu. Choopsa kwambiri chili pansi. Kukumba dzenje lakuya la maziko kapena la galimoto pafupi ndi nyumba ya mnzako kuli ngati kumuchotsera dothi lomwe maziko ake atsamira. Pamafunika kuyeza dothi kaye pobowola, kenaka kukhoma khoma lotchinjiriza m'mbali mwa dzenjelo musanakumbe, ndipo kontirakitala wochenjera amajambula ming'alu yonse ya nyumba zoyandikana ntchito isanayambe, kuti mawa asadzasenzetsedwe mlandu wa mng'alu wa zaka 30. Pansi pomwepo pamakhalanso mapaipi ndi mawaya akale omwe mapu a khonsolo anawaiwala, ndipo amapezeka ndi fosholo ya thirakitala.

Zonsezi zimakweza mtengo, ndipo ndicho chifukwa ambiri amathawira kunja kwa mzinda. Eastgate inabweza ndalamazo mwa njira ina. Posagula makina oziziritsa, eni ake anapulumutsa madola 3.5 miliyoni a ku America, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wa nyumba yonse. Atayerekeza ndi nyumba zina 6 za mu Harare zokhala ndi AC, anapeza kuti imagwiritsa ntchito magetsi ochepera ndi 35 peresenti. Pa intaneti pamayenda chiwerengero china, chakuti imapulumutsa 90 peresenti. Chimenecho chimanena za magetsi oziziritsira ndi kuyendetsa mpweya okha, osati a nyumba yonse. Zikepe, mababu ndi mafiriji a m'masitolo zimadyabe magetsi monga kwina kulikonse. M'kati simuzizira ngati mufiriji. Mumatsika ndi madigiri atatu kapena anayi poyerekeza ndi kunja masana, zomwe ndi zokwanira munthu wovala shati, koma wa jekete ndi tayi mu Okutobala angadandaule. Ubwino wake umaoneka magetsi akathima. Bokosi la galasi lopanda mawindo otsegula limasanduka uvuni m'maola ochepa, pomwe konkire ya Eastgate imasungabe kuzizira kwa usiku wathawo ndipo machumuni amakokabe mpweya okha.

Nanga chulu chija? Pearce amanena kuti maganizo anamubwerera ataonera pulogalamu ya BBC momwe David Attenborough ankaonetsa m'kati mwa chulu. Nthawi imeneyo sayansi inkakhulupirira zomwe katswiri wa ku Switzerland, Martin Lüscher, analemba mu 1961: kuti kutentha kwa chiswe ndi bowa yemwe chimalima pansi kumakweza mpweya m'mipita ya chulu, mpweyawo n'kuzizira chakumakoma n'kutsikanso, motero m'chisa mumakhala kutentha kosasintha chaka chonse. Zoti chiswe chimalima bowa ndi zoona, ndipo bowa womera pachulu nthawi ya dzinja ndi umboni wake.

Koma mbali inayo inadzagwedezeka. Scott Turner, wasayansi wa ku America, anatha zaka akuyeza zulu ku Namibia, akupopera gasi m'kati kuti aone komwe mpweya ukulowera. Mnzake Rupert Soar, injiniya wa ku Britain, ankathira pulasitala m'zulu n'kuzidula mapisi kuti aone mipita yake. Mu 2008 awiriwa analemba kuti chulu sichiziziritsa chisa monga ankaganizira. Kutentha kwa m'chisa kumatsata kutentha kwa dothi lozungulira, ndipo kumasintha ndi nyengo. Ntchito yaikulu ya chulu ndi yofanana ndi ya mapapo: mphepo ikamawomba pa makoma ake a timabowo, mpweya woipa umatuluka, wabwino n'kulowa.

Ndiye kuti nyumba yotchuka chifukwa chotengera chulu inatengera chulu chomwe sichinamvetsetsedwe bwino. Komabe ikugwira ntchito, chifukwa masamu a mainjiniya a Arup sanatsamire pa chiswe. Anatsamira pa kulemera kwa konkire, kuzizira kwa usiku wa Harare ndi kukwera kwa mpweya wofunda. Chodabwitsa n'chakuti chomwe chimasunga kutentha kwa chisa cha chiswe, malinga ndi Turner, ndi dothi lochuluka lochizungulira, ndipo pamenepo Eastgate ikufanana nacho kuposa momwe eni ake ankadziwira. Chulu chinathandiza kwambiri pogulitsa maganizowo. Bodi ya kampani ya inshuwalansi imamva msanga nkhani ya chiswe kusiyana ndi matebulo a manambala, ndipo atolankhani nawonso chimodzimodzi. Mu 2003 Pearce analandira mphoto ya Prince Claus ya ku Netherlands chifukwa cha ntchitoyi.

Pali chomwe Eastgate ilibe, ndipo si chaching'ono: simugona anthu. Maofesi akatseka, masitolo n'kutsitsa zitseko, nyumbayo imatsala ndi alonda. Omwe amalimbikitsa nyumba zosakaniza masiku ano amafuna kwambiri kuti pamwamba pakhale mabanja, kuti pakati pa mzinda pasamafe dzuwa likalowa ndipo anthu azipita kuntchito wapansi. Koma njira ya Eastgate imadalira kuti usiku mukhale mopanda anthu. Palibe angagone mafani aakulu akukuntha mphepo yozizira kumapazi mpaka m'mawa. Nyumba ya mabanja imafuna zina: mawindo a mbali ziwiri kuti mphepo idutse, khonde loyanikapo zovala, mapaipi a zimbudzi ndi mabafa ogwa pamzere umodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi osadutsa pakati pa sitolo ya munthu, ndi khomo lakelake lomwe mwana wochokera kusukulu angalowe popanda kudutsa pa bala.

N'zodandaulitsanso kuti nyumba zotengera Eastgate n'zowerengeka, ngakhale mu Harare momwemo. Zifukwa zake si za sayansi. Old Mutual inamanga nyumba yoti ikhale nayo zaka zambiri, kotero magetsi opulumutsidwa ankabwerera m'thumba mwake ndi mwa alendi ake. Womanga kuti agulitse mawa alibe nazo ntchito za bilu ya zaka 20 zikubwerazo. M'malo ambiri mainjiniya a makina amalipidwa molingana ndi mtengo wa makina omwe aika, ndiye kuwapempha kuti ajambule nyumba yopanda makina ndi kuwapempha ntchito yambiri pa malipiro ochepa. Ndipo galasi lonyezimira likadali chizindikiro cha ulemerero kwa mabwana ambiri. Pearce mwiniwake anakapitiriza maganizowa ku Australia, komwe anathandiza kujambula Council House 2, nyumba ya nsanjika 10 ya khonsolo ya mzinda wa Melbourne yomwe inatsegulidwa mu 2006. Nayonso ili pakati pa mzinda, ili ndi masitolo pansi, siling'i za konkire zokhotakhota, ndi mawindo otseguka okha usiku.

Kwa Malawi, funso loyamba ndi la mtunda. Lilongwe ndi Blantyre zili pamwamba pa mamita 1,000, Mzuzu ndi Dedza kuposa apo, ndipo usiku wake umazizira mokwanira miyezi yambiri ya chaka. Ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi kapena Karonga nkhani ndi ina. Kumeneko usiku wa Novembala umakhala wofunda, ndipo konkire yolemera ingangosunga kutentha kwa masana n'kukubwezera anthu pogona. Nyumba ya kuchigwa ndi kunyanja imafuna mthunzi wambiri ndi mphepo yodutsa, osati kulemera.

Kulemerako kuli ndi mtengo winanso. Malawi ali m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, ndipo zivomerezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba ndi kupha anthu. Nthaka ikagwedezeka, nyumba yolemera imakankhidwa mwamphamvu kuposa yopepuka. Choopsa kwambiri ndi nyumba yomwe pansi pake ndi masitolo a magalasi okhaokha pa nsanamira zowonda, pamwamba pali makoma olemera. Nsanjika ya pansiyo ndiyo imayamba kuthyoka. Mankhwala ake ndi makoma a konkire ya zitsulo oyambira pa maziko mpaka kudenga, kawirikawiri ozungulira masitepe ndi chikepe, komanso kuyeza konkire iliyonse yothiridwa potumiza timabokosi take ku labotale kuti tikaphwanyidwe patatha masiku 7 ndi 28. Njerwa zootcha ndi nkhuni, zomwe zikanapereka kulemera motchipa, zinaletsedwa pa nyumba za boma ndi zamalonda ndi malamulo a National Construction Industry Council a 2018, kotero womanga wa lero amasankha pakati pa mabuloko a simenti ndi njerwa zadothi zotsindira ndi makina.

Chomaliza ndi puloti yeniyeniyo. Pearce anachita mwayi kuti misewu ya pakati pa Harare inajambulidwa mowongoka, ndipo Robert Mugabe Road imayenda chakum'mawa ndi kumadzulo, mbali yomwe iye ankafuna. Misewu ya pakati pa Blantyre ndi Limbe imatsata zitunda ndi zigwa, ndipo womanga pakati pa nyumba ziwiri zakale sasankha komwe khomo lake liyang'ane. Puloti ikayang'ana kumadzulo, makonde opingasa ngati a Eastgate sathandiza kwenikweni dzuwa likapendeka. Pamafunika zotchinga zoima chilili m'mbali mwa zenera lililonse, kapena kukankhira masitepe, zimbudzi ndi mosungira katundu ku khoma limenelo, maofesi n'kutsegukira kubwalo la m'kati.